Nambala 264203 ndi mbale zimene ndinabweza

Pa makina anga osokera, m'munsi cha kudzanja lamanja, pali kachitsulo kofiirira kamene anadindapo nambala: 264203. Makinawo anali a bambo anga, atelala, amene anabwera nawo mu Lusaka kuchokera kummawa atawakulunga m'bulangete. Kwa iwo ndinatengera zinthu zitatu, makina, ntchito ndi mtima wapachala. Pa zitatuzi, chimene chimagwira ntchito tsiku lililonse popanda kuchithira mafuta ndi mtimawo.

Sukulu ndinafika nayo giredi 12. Mukanakhala a m'komboni yathu ya Kanyama mukanamva kale, chifukwa palibe amene anabweretsa thalauza kuti ndimupindire n'kuchoka asanadziwe kuti masamu ndinakhoza bwino. Maphunziro ena onse ndinagwa nawo chagada. Koma munthu wa shati imodzi amaisita tsiku lililonse, ndipo ine masamu anga ndinkawasita pamaso pa aliyense.

Chaka china, mwana wanga wamkazi akadali kumsana kwa amayi ake, mvula inatichita zimene imachita mu Kanyama. Madzi analowa m'kashopu kanga pamsika mpaka m'mawondo. Makina ndinawakweza pa mabuloko, ine ndinakwera pa tebulo lodulira nsalu, ndipo kwa masiku anayi sikunabwere munthu. Ndani angasoketse diresi pamene achule akusambira pakhomo? Nditasowa choyang'ana, maso anagwera pa kachitsulo kaja. Ndinakumbuka zimene tinaphunzira kusukulu, kuti pali manambala ena ouma mutu, amene sagawika ndi nambala ina iliyonse popanda chotsala, kupatula 1 ndi iwo eni. Aphunzitsi ankawatcha mapulayimu, monga 7, 13 kapena 29. Ine ndinkangoti osagawika. Ndinatenga kope ndi bolopeni kuti ndione ngati ya bambo anga inali ya mtundu umenewo.

Pawiri siigawika, poti ithera ndi 3. Ndi 5 ayi. Ukawonkhetsa manambala ake, 2, 6, 4, 2, 0 ndi 3, upeza 17, ndipo poti 17 salola 3, nayonso siingalole. Ndi 7 inatsala 2. Ndi 11 inatsala 5. Ndi 13 inatsala 4. Ndinapitiriza chomwecho, kuiponyera manambala osagawika imodzi imodzi, pamanja, madzi akununkha pansi panga, ndipo iliyonse inkabwerera ndi chotsala. Tsiku lachinayi ndinatseka kope, ndinapita kunyumba ndikuwoloka madzi ngati msilikali wobwera kunkhondo.

"Nambala ya pa makina siigawika!" ndinauza mkazi wanga ndisanavule n'komwe magambutsi, nsapato zamvula zija.

Iye anali akukapa madzi m'nyumba ndi beseni. Sanatukule mutu. "Manje ngati siigawika, tizadya yamene iyo?"

Sindinamumvere. Kuyambira pamenepo nambalayo inakhala ngati mwana wanga wachiwiri. Ndinailemba ndi penti pa chitseko cha shopu. Munthu akati ndimutsitsire mtengo, ndinkaloza pachitseko n'kunena kuti ine ndili ngati nambala iyo, sindigawika. Ndinkayesera nayo anthu amene ankaoneka ophunzira: akalaliki, ana a kukoleji, mlaliki wina wa suti yonyezimira. Onse ankavomera. Lero ndikudziwa chifukwa chake. Munthu wanzeru satsutsana ndi telala waukali amene wagwira sizasi m'manja, nsalu yake ili pa tebulo. Mafoni owerengera atabwera, sindinayese n'kamodzi komwe kubwereza masamu aja. Ndinkati za makina n'za aulesi. Zaka zoposa makumi awiri zinatha choncho.

Mwana uja anakula, anaphunzira, anayamba ntchito m'sitolo ya mankhwala kufupi ndi msika wathu. Masana alionse ankadutsa pashopu ndi kakontena ka chakudya changa, n'kukhala pa mpando wa makasitomala mpaka nditatha kudya. Pa dziko lonse ndi iye yekha amene ankatha kundizimitsa. Ndikayamba kukalipira munthu chifukwa cha zipi, iye ankangoti, "Ba tate, pumani," ndipo ndinkapumadi. Amayi ake anayesa mawu omwewo kangapo, sanagwire.

Ndiye kunabwera nkhani yoti pali mnyamata. Mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Matero. Nditamva zoti ndi wa masamu, mtima unachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukondwa ndi kunola mpeni.

Ulendo woyamba ankhoswe ake, amene kuno ambiri amawatcha bashibukombe, anabwera okha kudzagogoda. Anali amalume ake, mdala wa ku komboni ya George amene anapuma ntchito yoyendetsa mabasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kugunda munthu ndi mawu. Tinawauza kuti abwere ndi mwini wake timuone. Anabwera Loweruka lina masana. Mdalayo ananyamula mbale ziwiri, ina yovundikira inzake, zomangidwa m'chitenje, monga mwa mwambo. Mbale zimenezo mukazilandira n'kuzitsegula, ndiye kuti mwalola nkhani kuti ikambidwe. Mukazibweza zosatsegula, mwatseka chitseko.

Mwambo wake aliyense amaudziwa, ngakhale ine. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Amakhala pansi, maso pansi, ndipo chilichonse chimene ali nacho chimadzera mwa ankhoswe. Bambo wa mwana nayenso sayenera kulankhula zambiri, amamulankhulira abale ake. Tsiku limenelo wotilankhulira anali mkulu wanga. Ntchito yanga inali yokhala pa mpando n'kumaoneka wolemekezeka. Ndinaigwira mphindi ngati khumi.

"Ati ni ba ticha ba masamu?" ndinadula mawu a mkulu wanga pakati.

"Ni mwamene, ba tate," anatero ankhoswe.

Ndinatulutsa kapepala kamene ndinali nditakonzeratu m'thumba la shati, ndinakaponya pamphasa patsogolo pa mnyamatayo. "Aniuze. Igawika olo siigawika?"

"Iwe, si mwambo uyu," anandinong'oneza mkulu wanga.

Ankhoswe anaseka pang'ono kuti nkhani ipepuke. "Ba tate, ise tabwela kufunsila. Sitinazibe kuti kuli mayeso, sembe tabwela na pensulo."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Mnyamata anayang'ana kapepalako kanthawi kochepa kwambiri, kenaka anaweramira kukhutu kwa amalume ake.

"Mwana akuti nambala ni yabwino maningi," anatero mdala uja. "Ni yaikulu, yolemekezeka."

"Sininafunse ngati ni yabwino. Sitikwatilitsa nambala pano. Igawika olo siigawika?"

Ananong'onezananso, ulendo uno motalikirapo. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa mnyamatayo n'kulowa m'kolala ya shati imene, kunena zoona, inali yosokedwa moipa.

"Akuti kuli vinthu vina vamene mwana sangakambe pamaso pa bakulu."

Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha: sakudziwa. Mphunzitsi wa masamu, wodya malipiro mwezi ndi mwezi, walephera funso limene telala analimaliza atakhala pa tebulo pakati pa madzi. Ndiponso akubisala kumbuyo kwa mwambo. Ndinaimirira. Zimene ndinanena sindingazilembe zonse, koma munali mawu oti ticha wabodza, munali oti akupha ana a eni, munalinso za kolala ija. Ndinanyamula mbale zija zili chimangire, ndinaziika pa miyendo ya ankhoswe.

"Mwana wanga sazakwatiwa na munthu wamene saziba kuyankha inde olo iyayi."

Mdalayo anawomba m'manja mwaulemu, anavala chipewa chake, anatuluka ndi mphwake. Kuchipinda ndinamva chitseko cha kabati chikutseguka. Dzuwa lisanalowe, mwana wanga anali atanyamula chikwama kupita kwa azakhali ake ku Chawama, osandiyang'ana n'komwe.

Lolemba masana ndinapezeka ndikuyang'ana kunjira. Kakontena sikanabwere. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinagula chinangwa chootcha n'kudya ndekha moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu, ndipo sabata imeneyo ndinakangana ndi makasitomala ambiri kuposa chaka chonse, poti panalibe wonena kuti ndipume. Kunyumba mkazi wanga ankaphika, ankandiikira madzi osamba, zonse mwa dongosolo lake, koma pakamwa atatseka. Tsiku lina ndinamufunsa ngati mwana waimba foni.

"Mufunse nambala yanu," anatero. "Si ndiye mwasankha? Ikubalileni na bazukulu."

Masabata atatu anatha. Ine ndinkauza aliyense pamsika kuti ndinapulumutsa mwana wanga, ndipo aliyense ankavomera, monga mwa nthawi zonse.

Mmawa wina ndikudula yunifolomu yakuda ya amayi ena a kutchalitchi, ndinaona chipewa pakhomo. Ankhoswe aja. Analowa, anavula chipewacho, anakhala pa mpando wa mwana wanga, n'kuika mbale zomwe zija pambali pa makina.

"Mwana sananitume mau, ba tate. Anituma chabe mbale."

Ndinafuna kuzibwezanso. Chinandiletsa si nzeru ayi, chinali chidwi chabe, chofuna kuona mmene munthu wogonja amapepesera. Ndinamasula chitenje, ndinavundukula. Munali kandalama kotsegulira pakamwa monga mwa mwambo, ndipo pansi pake kapepala kopindidwa kanayi. Ndinayembekezera kalata yaitali. Munali manambala awiri okha, ina pamwamba ina pansi: 431 ndi 613. Panalibe moni, panalibe dzina, panalibe ngakhale kachizindikiro kochulukitsira. Mnyamatayo anandisiyira kuti ndikaike ndekha.

Ndinatenga choko chodulira, ndinalemba pa nsalu ya eni ija. 431 kuchulukitsa ndi 600, ndinapeza 258600. 431 kuchulukitsa ndi 13, ndinapeza 5603. Kuwonkhetsa: 264203. Ndinafufuta ndi dzanja, ndinayambira kwina, 613 pamwamba. Yomweyo. Kachitatu ndinachita pang'onopang'ono ngati mwana wa giredi 4, ndikutchula mokweza. Nambala ya bambo anga inangogawika pakati pa nsalu, popanda chotsala ngakhale chimodzi. Nthawi yonseyi ankhoswe anali akuyang'ana kudenga, ngati malata anga anali ndi nkhani yofunika kwambiri.

"Anaipeza liti?" ndinafunsa.

"Kale, akalibe kubwela kwanu. Mwana wanu anamuchenjeza ati ba tate bazakufunsa iyi nambala, iwe ukavomele chabe, vizasila. Iye anakana. Ati siningayambe na boza kuli batate bako pa siku loyamba. Koma futi siningabachititse nsoni pamaso pa babale babo. Ndiye anasankha kuoneka chipuba, chitsilu."

Munthu wabwino akanakhala chete pamenepo. Ine ndinamenya tebulo. "Nanga sanakambe chifukwa chani? Sembe anakamba chabe!"

"Sembe anakamba, imwe sembe munachita chani?"

Ndinaganiza. Ndinadziona ndekha m'chipinda chija, pamaso pa mkulu wanga, kamnyamata ka kolala yokhota kakundiuza kuti ndakhala wolakwa kuyambira mkazi wake asanamere mano.

"Sembe ninamupisha," ndinavomera, poti ndikanamuthamangitsadi.

"Ehe," anatero mdalayo, n'kuvala chipewa. "Mbale nazisiya."

Ndinatseka shopu masana omwewo. Kunyumba ndinafukula thiranki mpaka ndinapeza kope lija, lofufuma ndi chinyontho cha chaka chija. Masamu onse anali olondola, magawo 78, palibe pamene ndinaphonya. Mzere womaliza unali wa 397. Pansi pake, ndi zilembo zazikulu, ndinalemba kuti BASI, SIIGAWIKA, n'kudula mizere itatu mwamphamvu mpaka pepala linabooka. Masamba otsala, theka la kope, anali oyera.

Choipa n'chakuti lamulo ndinkalidziwa. Suyenera kuyesa mpaka kumapeto kwa dziko, koma uyenera kufika pa nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yokha ikufikitsa pa nambala yako. Kwa ine malirewo anali cha pa 514. Ndinaima pa 397 chifukwa msana unkawawa ndipo nambalayo inali itandikwiyitsa ndi kusagonja kwake. Ndinaipsera mtima, ndiye ndinailengeza kuti yapambana kuti indileke. Pambuyo pa 397 pamabwera 401, 409, 419, 421, kenaka 431. Magawo asanu okha. Ntchito yosakwana ola limodzi. Pa ola limenelo ndinamangapo zaka zoposa makumi awiri za phokoso, ndipo pamapeto pake ndinathamangitsirapo mwana wanga.

Mkazi wanga anandipeza nditakhala pansi, kope pamiyendo. Anayang'ana kope, anayang'ana mbale. Sanaseke, ndipo chimenecho ndimamuthokoza mpaka lero.

"Mbale sizibwelela zilibe kanthu," anangotero.

Apa panali vuto. Mpongozi sagwadira mkamwini, mwambo womwewo umene ndinaupondereza unkanditeteza tsopano. Koma china chake chinayenera kulowa m'mbalemo. Ndinayesa kulemba kalata katatu. Iliyonse inkayamba bwino, koma pofika mzere wachinayi inali itasanduka mlandu wa mnyamatayo. Yachitatu inafikanso pa kolala. Ndinazing'amba zonse. Mmawa mwake ndinachotsa tepi yoyezera m'khosi mwanga, ndinaikulunga, ndinaiika m'mbale, ndinavundikira.

Ndinakwera minibasi ya ku George mbale zili pamiyendo. Kondakitala anaziyang'ana, anayang'ana imvi zanga. "Ba mudala, mukali kufunsila pa saizi iyi?" Tsiku lina lililonse akanatsika basi imeneyo ndi khutu limodzi. Tsiku limenelo ndinangoti, "Niyenda kukonza vamene ninaononga," ndipo basi yonse inakhala chete, mwina poganiza kuti ndi nkhani ya mimba.

Ankhoswe anandilandira pakhonde. Anavundukula, anatulutsa tepi ija, anaitambasula yonse, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Ya suti?"

"Ya suti. Abwele nimupime. Sangakwatile mwana wa telala na kolala ija."

"Yamveka, ba tate. Tepi yakamba kuli mukamwini." Anaikulunganso bwinobwino. "Manje kuli mwana wanu muzatuma ndani? Kuja kulibe nkhoswe."

Ndinali ndikuyembekeza kuti nkhani ikafika yokha ku Chawama, mwana n'kungotulukira ndi kakontena ngati palibe chinachitika. Mdalayo anaona zimenezo pankhope panga, ndipo anandiperekeza mpaka pokwerera basi kuti ndisasochere dala.

Mwana wanga ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya azakhali ake akuyanika zovala. Anandiona, anagwada pang'ono monga mwana woleredwa, koma nkhope inali ya amayi ake. Njira yonse ndinali ndikukonza mawu. Nditatsegula pakamwa, chimene chinatuluka ndi ichi:

"431 na 613."

"Niziba, ba tate."

"Anakuuza?"

"Nine ninamuuza. Ninaipeza nili mu giredi 9, pa kakyuleta ya kusukulu. Ninayambila pamene imwe munalekela, ninaona mu kope yanu."

Zaka zonse zija za kakontena, mwanayu ankakhala pansi pa chitseko cholembedwa nambala, akundimva ndikuopseza nayo anthu.

"Nanga sunakambe?"

Anafinya malaya amene anali m'manja mwake, ngakhale munalibenso madzi. "Munali kukondwela nayo. Vinthu vamene vinali kukukondweletsani vinali ving'ono, ba tate. Sininafune kuchotsapo chimozi."

Ndakhala ndikunyozedwa ndi makasitomala, makondakitala ndi alamu, ndipo aliyense ndinamubwezera kawiri. Apa ndinanena mawu amene ndikukhulupirira kuti sanatulukepo m'kamwa mwanga chibadwire, ndipo anatuluka mokhota ngati msoko wa wophunzira.

"Nalakwa, mwana wanga. Bwela kunyumba. Mbale nazisegula."

Anayanika malaya aja, anawatambasula, anaikapo zopanira ziwiri. Anatenga ena. Ndinaima pamenepo padzuwa mpaka beseni linatha. Kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwayonda. Mwadya?"

Mnyamata anabwera kudzayezedwa Loweruka lotsatira, ndi amalume ake, poti mwambo sunathe chifukwa choti ine ndachita manyazi. Ndinamuyeza mapewa ali chiimire ngati mtengo, maso kudenga. Tinali moyandikana moti ndinkamva kupuma kwake, komabe mawu onse ankazungulira kudzera pa mpando pamene panakhala mdala uja.

"Mufunseni," ndinatero, mapini ali pakamwa. "Ngati si yosagawika, manje ni ya mutundu bwanji?"

Ananong'onezana. "Akuti ni yobadwa ku manambala yabili yosagawika. Ati yachoncho niyovuta maningi kuigwila, ngakhale bophunzila imabavuta."

Ndinadziwa kuti akundipaka mafuta, koma ndinawalandira. "China?"

"Akuti voigawa ni vinai chabe: 1, 431, 613 na yeve mwine." Ananong'onezananso, ndipo ndinaona mnyamata akugwedeza mutu kukana, koma amalume ake anali atayamba kale kumwetulira. "Ati mukasonkhanisa vitatu voyamba mupeza 1045, kutali maningi na yeve. Ati yachoncho mabuku yaitana kuti yopelewela. Iyi anati nisakambe."

Ndinamva kutentha kwa mtima wapachala uja kukukwera kuchokera pachifuwa, sizasi ili pafupi. Pakhomo panali pataima mwana wanga ndi kakontena m'manja.

"Ba tate," anatero.

"Napuma kale," ndinayankha.

Ndinalemba muyezo wa khosi m'kope lakale lija, pa tsamba loyera lotsatana ndi 397. Kenaka ndinabwezanso tepi m'khosi mwa mkamwini wanga, ndinayezanso kachiwiri, kuti nditsimikize.